Thumba la M'jekete la Achimwene

Thumba la m'kati mwa jekete la achimwene anga a Sosten linali lakuya masentimita khumi ndi awiri. Ndinaliyeza katatu ndi tepi ya amayi, iwo atapita kuntchito. Kamfuti kamene ndinasankha kanali kotalika masentimita khumi ndi asanu. Ndiye kuti chogwirira chake chikanasuzumira kunja, aliyense wokhala moyang'anana nane m'basi n'kuchiona.

A Sosten anawabaya ndi mpeni mu Febuluwale, pa siteji ya basi ku Evington, mumzinda wa Leicester ku England, masanasana. Ankapita ku shifiti kunyumba yosamalira okalamba, ine ndikungowaperekeza, popeza ndinali nditabwera ku wikendi kuchokera ku koleji ku Loughborough. Anyamata atatu anadutsa, mmodzi n'kuwagunda paphewa. Amene anapepesa ndi achimwene. Zimene zinatsatira sindilemba. Mmodzi wa anyamatawo anagwidwa, awiri sanapezeke, ndipo amene anaona nkhope zawo bwinobwino ndinali ine ndekha. Mlandu anauika mu Novembala. Mboni: Kondwelani, mng'ono wa malemu.

Koleji ndinaisiya mu Epulo. Sindinkatha kukhala m'kalasi chitseko chili kumbuyo kwanga, ndipo za uinjiniya sungaphunzire uli cheucheu. Ndinapeza ntchito yonyamula makatoni pa weyahausi ina, chinyumba chosungiramo katundu, kunja kwa tauni. M'basi ndinkakhala pafupi ndi dalaivala. Tsiku lina mu Ogasiti mnyamata wovala hudi, juzi ya chipewa chofunda kumutu, anandiyang'ana ali kutsidya kwa msewu, n'kudutsitsa chala pakhosi pake. Kapena ankangodzikanda. Mpaka lero sindidziwa. Nditakanena, mayi wapolisi woyang'anira mboni anandimvetsera bwino ndithu, analemba zonse, n'kundipatsa kabelu kapulasitiki kamene kamalira ukakoka chingwe chake. Ndinathokoza. Sindinamuuze kuti tsiku lija ine ndinakuwa kuposa kabeluko, anthu n'kumangoonerera pa mawindo a basi.

Mavidiyo ndinayamba kuonera pa bureki, nditakhala pa mapaleti, matabwa osanjikapo katundu. Azibambo a ndevu a ku America, atayala timfuti patebulo, akufotokoza mofatsa mmene munthu angasankhire koyenda nako tsiku ndi tsiku kosaonekera. Amasankha ngati mmene amayi amasankhira nsapato za kuwodi kuchipatala kumene amagwira ntchito: zisalemere, zisakupweteke ukaima nazo tsiku lonse, zisadule. Kena n'kopyapyala koma kamadumpha m'dzanja. Kena n'kokhazikika koma kamatukula malaya. Mmodzi ananena kuti mfuti yabwino ndi imene sungaisiye kunyumba chifukwa cha kulemera, ndipo mawu amenewo ndinayenda nawo masiku ambiri.

Lamulo la kuno ndinkalidziwa. Mfuti ya m'manja salola munthu wamba, ukapezeka nayo ndi zaka zisanu kundende, ndipo kwa ine amene mapepala anga okhalira m'dziko muno anapachikika pa a amayi, ndende ikatha ndi ndege ya ku Lilongwe. Ndinkawerenga zimenezo mpaka kumapeto, kenaka n'kubwerera kwa azibambo a ndevu aja.

Anandipeza ndi Shepherd, wa ku Zambia, woyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira mapaleti. Anasuzumira pafoni panga akutafuna sangweji.

"Iwe mwana, ivo ni va ku America. Kuno siusankha monga uli mu shopu ya nsapato."

"Ndikungoonera, akulu."

"Kuonelela chabe? Sabata yonse?"

Anaseka, koma atandiyang'ana kumaso analeka. Nkhani ya achimwene ankaidziwa, panalibe wa kwathu kapena wa kwawo ku Leicester amene sanaimve. Patapita masiku awiri anandiitanira kuseri kwa mashelefu. Anati ku Nottingham kuli munthu amene ali ndi ziwiri. Ina yaikulu ngati njerwa, ina yaing'ono, yakale, yotchipa, yoti wonyamula makatoni angaikwanitse.

"Manje ufuna iti?"

"Kakang'onoko. N'kotalika bwanji? Nanga kulemera?"

"Ah, mainjiniya!" Anakajambula ndi cholembera pakatoni, akuyeza ndi zala zake. "So. Kulema monga hafu kilo ya shuga." Anati Loweruka la sabata yotsatira, fili koloko masana, ndikaime panja pa sitesheni ya sitima ku Nottingham. "Ndipo usalembe vilivonse pa foni."

Jekete lija sindinkayenera kulikhudza. Kwathu ku Ntcheu zovala za malemu savala wina aliyense mpaka zitachapidwa ndi kugawidwa ndi malume. Za a Sosten amayi anazilongedza m'chikwama chachikulu pansi pa masitepe, kudikira azakhali a Christabel amene ankapita kumudzi mu Disembala. Koma majekete anga onse ndi othina. La achimwene linali lalikulu m'mapewa, lotaya pachifuwa, ndipo m'khosi mwake munali mukadali fungo la mafuta awo a tsitsi. Ndinadziuza kuti ndalisankha chifukwa cha kukulako.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti chinthu usanachigule kapena kuchipanga, uyambe wapanga choyerekezera, uone ngati chikwana pamalo pake. Ndi phunziro lokhalo limene ndinachoka nalo. Ndinadula makatoni atatu motsata chojambula cha Shepherd, ndinaikamo mabawuti mpaka sikelo ya kukhitchini inati hafu kilo, n'kukulunga zonse ndi tepi yomata. Tepi imene inali m'nyumba inali yakuda, ya mawaya a magetsi. Za mtundu wake sindinaganizeko n'komwe.

Sabata yonse ndinkaima pagalasi, kupisa dzanja lamanja pachifuwa, kutulutsa, kubweza, kupisanso. Dzanja linaphunzira msanga. Koma thumba linali losaya, ndipo kulemerako kunkapendeketsa jekete kumanzere. Panafunika telala.

Loweruka m'mawa, amayi ali ku shifiti, ndinakwera basi ya ku Belgrave choyerekezera chija chili m'thumba, kuti ndione ngati anthu angazindikire. Palibe anandiyang'ana. Ndinakonza zoti ndikatsika ndichisamutsire m'chikwama changa, telala ndingomupatsa pepala la miyeso, andisokere ndikudikira, kenaka sitima ya wani koloko. Pa Belgrave Road anali atapachika kale magetsi a chikondwerero cha Amwenye cha Diwali, ndipo m'mashopu a golide ndi a maswiti munali pikitipikiti. Nditangotsika ndinaona hudi yotuwa kutsidya, mwini wake ataima chilili, osapita kulikonse. Miyendo inandinyamula yokha. Ndinangozindikira ndili m'shopu ya a Gulam, belu la pachitseko likulira pamutu panga, zosamutsa zija nditaiwala.

A Gulam ndi Mmwenye wobadwira ku Limbe. Anabwera kuno ali mnyamata m'zaka za m'ma 1970, ndipo Amalawi tonse zovala timapita nazo kwa iwo chifukwa amatilonjera m'Chichewa. Akazi awo a Bilkis ankasita kuseri kwa katani. Pabenchi panali mayi wina akudikira sari yake, nsalu yovala azimayi a Chimwenye.

"Eee, mwana wa Mayi Marjorie! Tseka, tseka, ukundilowetsera England m'shopu."

Kenaka anaona jekete.

"Ili ndinalifupikitsa mikono chaka chatha. Mwini wake ankati ndadula kwambiri, akuoneka ngati kondakitala." Anakhudza kumapeto kwa mkonowo. "Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino, ankolo. Ndikufuna thumba la m'kati likhale lakuya. Miyeso ndi iyi. Ngati n'kotheka panopa."

Pepala langa analiyang'ana atalitalikitsa, n'kuliika pa makina.

"Ine sindisoka za papepala. Thumba limatsata katundu wake. Uikamo chiyani?"

"Batire yotchajira foni."

"Yolemera bwanji?"

"Hafu kilo."

"Hafu kilo! Ukutchaja foni kapena lole? Ima apo, tambasula manja."

Anachotsa choko kukhutu. Mmene amagwirira ntchito a Gulam ndi momwemo: amakuimika, amasalaza nsalu ndi chikhato kuchokera paphewa kutsika, kuti amve pamene ikukoka. Chikhato chawo chinatsika pachifuwa changa kumanzere n'kuima. Ndipamene ndinakumbukira. Ndisanatsegule pakamwa anali atapisa kale dzanja m'thumba, monga amachitira matelala osapempha, n'kutulutsa chinthu chija theka.

Chogwirira chakuda chinawala pa getsi la pa makina.

Mayi wa pabenchi uja sanakuwe. Anaimirira pang'onopang'ono, anayenda chafutambuyo mpaka kuchitseko, belu linalira, anapita. Sari yake anaisiya.

"Ndi katoni, ankolo," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Ndi katoni chabe. Finyani muone."

Anachigwira ndi zala ziwiri, choko n'kugwa pansi. Anafinya. Anatenga sizasi yawo yaikulu n'kuchidula pakati, mabawuti n'kugwera pansi, ena kugubuduzikira pansi pa makina. A Bilkis anatuluka kuseri kwa katani atagwira pakamwa. Ndinkayesa a Gulam aseka, kapena apuma. Nkhope yawo inangoda.

"Pateni iyi," anatero a Gulam.

"Ndimangofuna kuona ngati..."

"Usandiuze ine za pateni. Zaka makumi anayi ndikudula mapateni. Munthu sadula pateni nsalu isanalonjezedwe. Chenichenicho chili kuti?"

"Ndilibe."

"Ukutenga liti?"

Ndinayang'ana pansi, pa mabawuti.

"Liti, Kondwe?"

"Lero. Fili koloko."

"Ndiye wabwera kwa ine. Ine ndikusokere. M'jekete la Sosten." Ananena mawu ena m'Chigujarati amene sindinawamve, koma a Bilkis anawagwira mkono. "Ine ndinaima kumbuyo m'tchalitchi chanu tsiku la mwambo wa mkulu wako, ine Msilamu. Amayi ako ndinawaona ndi maso angawa akuwagwirira azimayi anayi. Ndiye iwe..."

"Anyamata aja akundidziwa, ankolo! Awiri ali kunja. Inu simukwera basi. Ine ndikufuna ndifike kukhoti ndili moyo."

Tinaima choncho, ine ndikupuma ngati ndathamanga, mpaka a Bilkis ananena motsitsa mawu kuti, "Gulam." Ankaloza pawindo.

Msewu unali utasiya phokoso. Belgrave Road, Loweruka, Diwali ili pafupi, koma panalibe basi, panalibe munthu pakhonde la shopu ya maswiti. Galimoto ziwiri za apolisi zinali zitatseka msewu chopingasa. Mayi wa sari uja anali ataimba foni, ndipo sindingamuimbe mlandu. Anaona zimene anaona.

Chimkuzamawu chinalankhula m'Chingelezi. Onse a m'shopu atuluke mmodzimmodzi, manja ali m'mwamba.

A Gulam anandizungulira n'kundivula jekete kuchokera kumbuyo, mwachangu, ngati akuvula mwana wonyowa ndi mvula.

"Tamvera. Utuluka ndi shati yokha. Manja m'mwamba, zala zotambasula. Ngakhale mphuno ikuyabwe, usakande. Akati gona, gona. Wamva?"

"Ndamva."

"Bwereza."

"Akati gona, ndigone."

Anayamba kutuluka ndi a Bilkis. Kenaka a Gulam, tepi yoyezera ili m'khosi, tizidutswa ta katoni atatisiya poonekera patebulo. Ndinawaona pawindo akuwagwaditsa pa simenti yonyowa, bambo wa imvi, wa mawondo odwala, chifukwa cha ine. Kenaka chimkuzamawu chinaitana wotsala.

Kunja kunali kozizira koopsa. Apolisi anali anayi kapena asanu, ovala zakuda, zipewa zachitsulo, ndipo mfuti zonse zinali pa ine. Imodzi ya m'chiuno mwa wapafupi ndinaizindikira. Ndinkadziwa kutalika kwake, kulemera kwake, ndi zimene bambo wa ndevu uja ananena za iyo. Onse ankakuwa nthawi imodzi, mawu ndimawamva koma osalowa m'mutu. Wina kumanzere kwanga anasuntha mofulumira, monga anasunthira mnyamata uja pa siteji mu Febuluwale.

Ndipo dzanja langa lamanja, limene ndinaliphunzitsa pagalasi sabata yonse, linayamba kutsika lokha kulowera pachifuwa.

Ndinaliona likutsika. Sindinalitume. Panalibe jekete, panalibe thumba, koma linkapita. Kukuwa kwa apolisi kunakwera, ndipo pakati pa Chingelezi chonsecho ndinamva mawu amodzi a kwathu, osweka, a munthu wokalamba.

"Kondwe, manja! Manja, mwanawe!"

Dzanja linaima m'malere, pafupi ndi khutu. Ndinalikankhira m'mwamba ngati ndikukweza thumba la simenti. Kenaka ndinagwada, ndinagona.

Tsaya langa linakhudza simenti. Pamenepo munthu umaona matayala, zotsalira za ndudu, chingamu chakale chomatirira, nsapato zikubwera. Achimwene anagona chomwecho, tsaya lamanja pansi, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu ndinkadzifunsa kuti ankaona chiyani pamene ine ndinkawakuwira m'khutu. Bondo linandikanikiza pamsana, unyolo unaluma m'mikono, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana, mkodzo ukutentha m'miyendo.

Fili koloko inandipeza m'chipinda cha mafunso, ndikuiyang'ana pa wotchi ya pakhoma. Patebulo panali kathumba kapulasitiki, m'kati mwake makatoni odulidwa ndi mabawuti. Anandifunsa kuti mfuti yeniyeni ili kuti, ndinati kulibe, ndipo zinali zoona. Anandifunsa chifukwa chake ndinapanga chimenechi, ndinati ndimaopa. Zimenezonso zinali zoona. Za Shepherd sindinanene. Mayi wa kabelu uja anabwera, anakhala nane kanthawi. Madzulo, dzuwa litangolowa, anandimasula ndi chenjezo lolembedwa, n'kundiuza kuti chinthu chooneka ngati mfuti pamsewu ndi mlandu pachokha, ndipo anthu ena sanafike pogona pansi ali moyo.

Amayi anali pabenchi polandirira alendo, ali mu yunifolomu, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Pambali pawo panali a Gulam, thalauzi lawo lili ndi madontho awiri akuda m'mawondo. Anali atawauza zonse, mpaka za fili koloko.

Tinabwerera pa galimoto ya a Gulam. Titafika kunyumba amayi anatsegula kachitseko ka pansi pa masitepe, anayang'ana chikwama chija, zipi yake ili yotsegula pang'ono pamene ine ndinaisiya. Anaitseka bwinobwino.

"Amayi, pepani."

"Wadya?"

"Ayi."

Ananditenthetsera mpunga wa dzulo. Anaima pa sinki atandipatsa msana, ndipo ndili pakati pa kudya anati, "Ndege ina inanyamula kale mwana wanga m'bokosi. Ndinakhala pamwamba, iye ali pansi ndi masutikesi. Iwe umafuna ina ikunyamule ndi unyolo? Kapena umafuna bokosi lomwelo?"

"Ndimaopa, amayi."

"Ukuyesa ine sindiopa? Foni ikalira ku wodi ndimayamba ndakhala pansi ndisanaiyankhe." Anatsegula mpopi, anautseka. "Tiziopa tonse. M'nyumba muno. Koma tizikhalamo awiri."

Lamulungu anaimbira malume ku Ntcheu, atadzitsekera kuchipinda. Ndinangomva akuti, "Ayi achimwene, limodzi lokha, zina zonse zibwera ndi Christabel." Lachitatu ndikuweruka ndinapeza jekete lili pa bedi langa, lochapa, m'pulasitiki ya shopu ya a Gulam. Fungo la mafuta a tsitsi linali litachoka. Zimenezo zinandipweteka kuposa bondo la wapolisi.

"Malume ako avomera," amayi anatero ali pakhomo. "Ndi lako. Uzivala poyera."

Nditalivala ndinapisa dzanja m'kati. Zala zinagunda msoko. Thumba lija anali atalisoka kukamwa kwake, mizere iwiri, ulusi wolimba wa majinzi, ndipo kumapeto anabwereza kangapo moti popanda lumo sungaphwasule.

"A Gulam ndinawauza ine," anatero amayi. "Iwo anati akanasoka ngakhale ndisananene."

Shepherd anandipeza Lachinayi pa mapaleti. Sanali kuseka.

"Wanichititsa nsoni, mwana. Munthu uja anaimilila ola yonse. Sakonda kuyembekeza." Anayang'ana uku ndi uku. "Nakamba naye. Akuti kaliko, sikanagulidwe. Sabata ino, nthawi imodzimodzi. Koma ukalephela futi, ine sinikuziba."

Ndinaganiza za hudi yotuwa. Ndinaganiza za milungu itatu yotsala, mabasi onse amene ndinayenera kukwera, ndi munthu wa ku Nottingham amene tsopano anali nkhope ina yoti ndiziiopa, ngakhale sindinaionepo. Kamfutiko ndinkakafunabe. Amene anganene kuti kugona pa simenti kunandichiritsa akunama.

"Auzeni agulitse kwina, akulu."

"Ah ah. Nanga vija vonse, masentimita, mahafu kilo?"

"Ndilibe poika."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, analavulira pambali, n'kukwera fokolifiti yake.

Tsiku la mlandu kunagwa mvula yowaza. Amayi anasinthana shifiti ndi mnzawo, ndipo tinakwera basi pa siteji yomweyo ya ku Evington, popeza ina kulibe. Malo a pafupi ndi dalaivala anali odzaza, tinakhala pakati. Pa siteji yachitatu anakwera mnyamata wa hudi yotuwa, nkhope yosaoneka bwino. Anatidutsa n'kukhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Ndinkamva mpweya wake. Ndinkamva akupisa m'thumba, kutulutsa kanthu, mwina foni, mwina ayi.

Dzanja linapita lokha, linalowa m'jekete, linapeza msoko wa a Gulam. Linakhala pamenepo, chala chikuyenda pa ulusi kuchokera kumapeto kufika kumapeto ena.

Amayi sananditembenukire. Ankayang'ana kutsogolo, chikwama chili pamiyendo, ndipo ndinaona kuti zala zawo zachigwira mpaka kuyera.

"Kwatsala masiteji angati?" anafunsa.

"Asanu ndi limodzi."

"Uziwerenga mokweza."

Basi inanyamuka. Wa kumbuyo uja sanatsike.

"Asanu ndi limodzi," ndinatero.